Kulipira kuti muimbe kapena kukonza shoo yanu nokha: bandi yongoyamba isankhe chiyani?

Bandi ikangoyamba kumveka bwino, pali uthenga wina umene sulephera kufika. Umachokera kwa munthu amene simunamuonepo, amene akuti wamva nyimbo zanu pa intaneti ndipo zamugwira mtima. Akuti ali ndi malo abwino, siteji yaikulu, magetsi amitundumitundu ndi zokuzira mawu zamphamvu, ndipo akufuna mudzaimbe mphindi 30 tsiku lakutilakuti. Anthu amene akhala miyezi akuphunzira nyimbo m'kachipinda kothina amadumpha ndi chimwemwe, ndipo sindiwadzudzula. Koma chakumapeto kwa uthengawo kumakhala mawu awa: mutenge matikiti 50 mukagulitse, ndipo ndalama ya matikiti 40 mubweretse musanakwere pa siteji. Akapanda kugulika, yopereŵerayo muwonjezera ya m'thumba mwanu.

Njira imeneyi pa Chingerezi amati pay to play, kutanthauza kulipira kuti uimbe. Ina yoyang'anizana nayo ndi yoti bandi ipeze yokha malo, ibwereke zipangizo, ilengeze, ikhale pakhomo n'kutolera ndalama. Pakati pa ziwirizi pali njira zina zimene oimba atsopano ambiri sadziwa kuti angathe kuzipempha. Poziyerekeza zonsezi ine ndimafunsa mafunso awiri okha. Anthu akapanda kubwera, aluza ndani? Nanga akabwera ambiri, apindula ndani? Njira yabwino ndi imene mayankho awiriwa akuloza munthu mmodzimodzi.

Kulipira kuti muimbe

Mchitidwewu unatchuka kwambiri m'zaka za m'ma 1980 ku Los Angeles, mumsewu wa Sunset Strip, kumene kuli makalabu odziwika monga Whisky a Go Go ndi Roxy. Mabandi a rock anali atachuluka zedi, aliyense akufuna kuti akuluakulu a makampani ojambula nyimbo amuone, pamene masiteji anali ochepa. Mapulomota, amene ndi anthu okonza mashoo, anaona kuti chinthu chosowa ndi siteji, osati nyimbo, choncho anayamba kugulitsa mpata woimba kwa oimba eniake. Oimba ambiri anadana nazo. Nyimbo ya bandi ya Nirvana yotchedwa Stay Away, imene inatuluka mu 1991, poyamba dzina lake linali Pay to Play. Ku Britain, bungwe la oimba la Musicians' Union lakhala likuchenjeza mamembala ake za mapangano oterewa kwa zaka zambiri. Koma mchitidwewu sunathe, unangosintha zovala.

Lero umabwera m'maonekedwe angapo. Pena amakuuzani mosabisa kuti mpata wa mphindi zakutizakuti mtengo wake ndi wakuti. Pena amakupatsani matikiti monga ndafotokozera. Pena amati ndi mpikisano wa mabandi, ndipo wopambana ndi amene wabweretsa anthu ambiri oti amuvotere, aliyense atalipira pakhomo. Penanso amati mupereke ndalama ya chikole imene adzakubwezerani anthu anu akakwana nambala yakuti. Maina ndi osiyana, koma ndalama ikuyenda njira imodzi: kuchoka kwa woimba kupita kwa wokonza.

Tiyeni tiwerengere, chifukwa nkhaniyi imamveka bwino ndi manambala. Awa ndi ongopereka chitsanzo, ndipo ndalama tiziyesa ndi mtengo wa tikiti imodzi. Pulomota waitana mabandi 6 usiku umodzi, bandi iliyonse ikupereka ndalama ya matikiti 40. Zitseko zisanatsegulidwe, iye ali kale ndi ndalama ya matikiti 240. Kaya kugwe mvula, kaya anthu abwere 20, iye zake zayenda. Inu mwayesetsa, mwagulitsa 30, ndiye kuti muwonjezera ndalama ya matikiti 10 kuchokera m'matumba mwanu. Mukachita mwayi n'kugulitsa onse 50, mutsala ndi ya matikiti 10, ndipo ngati muli anthu 5 mubandimo aliyense apita kwawo ndi ya matikiti awiri, musanachotse ya mayendedwe.

Kuluza ndalama n'kopweteka, koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi zimene njirayi imachita kwa pulomota. Munthu amene wapeza kale phindu lake alibenso chifukwa cholengezera shoo. Alibenso chifukwa chosankhira mabandi oyenderana. Amatenga aliyense amene wavomera kulipira, mwina bandi ya rock ikutsatana ndi ya reggae, kenako woimba nyimbo zofatsa ndi gitala yekha, kenako anyamata a rap. Zotsatira zake aliyense amene waimbapo pa shoo yotere akuzidziwa. Anthu a bandi yoyamba amabwera, amaonera abale awo, n'kumapita. A bandi yachiwiri amafika nthawi ya bandi yawo ikakwana, nawonso n'kumapita. Pa pepala holo yadzaza anthu 200, koma pa nthawi imene inu mukuimba, patsogolo panu pali anthu 30 omwe aja munawagulitsa matikiti, ndipo onse mukuwadziwa maina. Munapita kukafuna omvera atsopano, mwakaimbira azakhali anu ndi anzanu a kuntchito.

Ndipo anthu 30 amenewa ndi chuma chosachedwa kutha. Ulendo woyamba amagula mokondwa. Wachiwiri amagula chifukwa cha chibale. Pofika wachinayi, foni yanu ikalira ena amayamba kuiyang'ana kaye asanayankhe. M'bandi momwemo mumabuka kung'ung'udza: woimba ng'oma wagulitsa 15, wa besi wagulitsa awiri okha, nanga yopereŵerayo tigawana mofanana? Ndaonapo bandi yabwino ikusweka chifukwa cha mkangano wa matikiti, nyimbo zake zili bwinobwino. Nthawi imene akanathera pokonza nyimbo ankaithera pokumbutsa anthu ngongole.

Komabe ndisanamize kuti njirayi ilibe chabwino chilichonse. Mumapeza siteji yeniyeni, mawu okonzedwa ndi katswiri, ndiponso mpata wojambula vidiyo yooneka bwino imene mungaionetse kwina. Simuvutika ndi zilolezo, alonda kapena kusesa pomaliza. Mumangofika, kuimba, n'kulongedza zanu. Ndalama imene mungaluze imadziwikiratu, siingapose imene munavomera. Nawonso eni malo ali ndi mfundo yawo imene tiyenera kuimva: lendi, magetsi ndi malipiro a antchito sizidikira, ndipo anatopa ndi mabandi amene amalonjeza anthu 100 n'kubwera ndi 7. Vuto lawolo ndi lenileni. Chimene ndimakana ndi yankho lake, loti katundu yense asenze munthu amene ali ndi mphamvu zochepa pa onse.

Pali mtundu wina wa kulipira umene ndimauika padera. Bandi yaing'ono imalipira kuti iziimba koyambirira pa ulendo wa bandi yaikulu, mizinda ingapo motsatizana. Apa mukugula chinthu chooneka, chomwe ndi anthu mazanamazana amene agula kale matikiti ndipo amakonda nyimbo za mtundu wanu. Kumeneku ndi kutsatsa malonda, ndipo kuyenera kuwerengeredwa monga mmene mungawerengere ndalama yotsatsira pa wailesi. Kungathe kukhala kwanzeru ngati muli ndi nyimbo zojambulidwa kale, zinthu zogulitsa pakhomo, ndi ndalama imene itatayika simugona ndi njala. Ngakhale apa, funsani kuti mudzakwera nthawi yanji. Kuimba zitseko zitangotsegulidwa, anthu akadali pamzere panja, n'kugula mphepo.

Kukonza nokha

Pano zinthu zimatembenuka. Inu ndinu pulomota, ndipo mutu wonse umene pulomota amadwala udzakhala wanu. Mupeze malo n'kugwirizana mtengo. Mupeze zokuzira mawu ndi munthu wodziwa kuziyendetsa. Mudziwe ngati pakufunika chilolezo cha boma la m'deralo, malire a phokoso ndi nthawi yotsekera, komanso ngati malowo ali ndi chiphaso cha bungwe loona za umwini wa nyimbo, makamaka ngati muimbako nyimbo za anthu ena. Mupeze wokhala pakhomo wokhulupirika, ndalama zosinthira, ndi woteteza anthu. Mulengeze kwa milungu ingapo. Tsikulo likafika mudzanyamula masipika masana, kuimba usiku, n'kunyamulanso masipika omwewo pakati pa usiku. Amene akukuuzani kuti n'zophweka sanakonzepo shoo.

Tibwerere ku manambala athu. Tinene kuti zonse pamodzi zikudya ndalama ya matikiti 60: holo 25, zokuzira mawu ndi katswiri wake 20, apakhomo 8, kulengeza 7. Mukakhala nokha ndi anthu anu 30 aja, mwaluza ya matikiti 30, kuposa mmene mukanaluzira kwa pulomota uja. Ichi n'chifukwa chake sindilimbikitsa bandi yatsopano kubwereka holo payokha. Mutu umodzi susenza denga. Koma mukagwirizana mabandi atatu a nyimbo zoyenderana, iliyonse n'kuika ya matikiti 20, iliyonse n'kubweretsa anthu 30, pakhomo palowa 90. Mukachotsa 60 patsala 30, bandi iliyonse itenga 10. Taonani bwino: anthu 30 omwewo amene kwa pulomota anakuluzitsani ya matikiti 10, kuno akupindulirani ya matikiti 10. Zinthu zitavuta, n'kubwera theka chabe, anthu 45, mwaluza 15, bandi iliyonse 5. Ngakhale usiku woipawo ndi wopepuka poyerekeza ndi usiku wamba wa kulipira kuti muimbe.

Phindu lalikulu silili m'ndalama. Chifukwa chakuti mabandi atatuwa munawasankha nokha, anthu a bandi ina amakhala mpaka kumapeto, ndipo mumaimbira anthu 60 amene sanakumvenipo. Mtengo wa pakhomo mumaika nokha, wogwirizana ndi matumba a anthu anu. Mumasankha nokha kutalika kwa nthawi yoimba. Mukafuna kuika tebulo logulitsirapo malaya ndi nyimbo zanu, palibe wodzadulapo gawo. Mumathanso kulemba manambala kapena ma imelo a amene akufuna kumva za shoo yotsatira, ndipo mndandanda umenewu ndi umene udzakudyetseni zaka zikubwerazi. Mumaphunziranso mtengo weniweni wa chilichonse, kotero kuti tsiku limene pulomota adzakuuzeni kuti zolipira zinali zambiri ndiye palibe chotsala, mudzadziwa ngati akunena zoona.

Mbiri ya nyimbo ili ndi umboni wokwanira. Pa 4 June 1976, anyamata awiri a ku Manchester, Howard Devoto ndi Pete Shelley, amene ankayambitsa bandi ya Buzzcocks, anabwereka chipinda chaching'ono cha Lesser Free Trade Hall n'kuitana bandi ya Sex Pistols kuchokera ku London. Anthu anabwera ochepa, mwina 40. Koma pakati pa amene anaonera panali ena amene pambuyo pake anayambitsa mabandi otchuka a Joy Division, The Fall ndi The Smiths. Ku Washington DC, bandi ya Fugazi, imene inayamba kuimba mu 1987, inkakonza yokha maulendo ake, inkalola anthu a misinkhu yonse, ndipo kwa zaka zambiri inkayesetsa kuti pakhomo pazikhala madola 5. Inaimba mashoo oposa 1,000. Ku Berkeley, ku America komweko, malo oimbira a 924 Gilman Street anatsegulidwa kumapeto kwa 1986, oyendetsedwa ndi anthu ongodzipereka, ndipo bandi yotchuka ya Green Day inakulira pamenepo. Sindikunena kuti aliyense wobwereka holo adzatchuka, ambiri satchuka. Chimene zitsanzozi zikuonetsa n'chakuti shoo yokonza oimba eniake imamanga gulu la anthu odziwana, amene mawa amaitanana, kubwerekana zipangizo ndi kuyambitsa mabandi ena. Pa shoo yolipira, mabandi amaonana ngati opikisana, ndipo kawirikawiri amachoka osafunsana n'komwe maina.

Tsopano pali nkhani imodzi imene ndikupemphani muiwerenge modekha. Mukakonza nokha shoo, moyo wa anthu amene alowa uli m'manja mwanu. Pa 2 December 2016, moto unabuka pa phwando la nyimbo m'nyumba yosungiramo katundu yotchedwa Ghost Ship ku Oakland, ku America, ndipo anthu 36 anafa. Nyumbayo inalibe chilolezo chochitiramo zisangalalo, munali modzaza katundu wosachedwa kuyaka, ndipo njira yotsikira kuchokera pamwamba inali yovuta. Ngakhale malo okhala ndi ziphaso si otetezeka okha: pa 20 February 2003, ku kalabu ya The Station ku Rhode Island, ku America komweko, zophulitsa zokongoletsera siteji zinayatsa zotchingira phokoso za m'makoma ndipo anthu 100 anafa, ambiri atapanikizana pakhomo lalikulu. Choncho musanavomere malo chifukwa ndi otchipa, yendani nokha muwerenge makomo otulukira, muone kuti sakhomedwa ndiponso sanatsekedwe ndi katundu. Funsani kuti malowo amaloledwa anthu angati, ndipo akakwana mutseke pakhomo ngakhale panja pali ena atanyamula ndalama m'manja. Mawaya a magetsi awaone munthu wodziwa. Moto wa mtundu uliwonse usayandikire siteji. Ngati simungathe kuchita zimenezi, shooyo isachitike.

Palinso kutopa. Munthu amene wakhala tsiku lonse akuthamangitsa chingwe chosowa, akukangana ndi mwini holo, saimba bwino madzulo. Njira yake ndi kupeza mnzanu mmodzi wosaimba kuti tsikulo akhale woyang'anira zonse, ndipo mumulipire ngakhale pang'ono. Ndalama za pakhomo aziwerenga anthu awiri a mabandi osiyana, ndipo mmene mudzagawanire phindu kapena kuluza mulembe tsiku la shoo lisanakwane, aliyense aone. Ubwenzi wa mabandi ambiri umathera pa envulopu ya pakhomo.

Njira za pakati

Yoyamba ndi kugawana za pakhomo ndi mwini malo. Iye akupereka malo ndi zipangizo, inu mukupereka nyimbo ndi kuitana anthu, ndipo zolowa mugawana. Kawirikawiri gawo lalikulu limapita kwa oimba, monga 70 pa 100 kapena 80 pa 100, chifukwa mwini malo amapezanso phindu pa zakumwa. Kwa bandi yongoyamba, iyi ndi imene ndimaikonda kuposa zonse. Anthu akapanda kubwera simupeza kanthu, koma simutulutsanso kanthu m'thumba, ndipo mwini malo nayenso amafuna holo idzaze, ndiye amalengeza. Nonse mukukoka chingwe mbali imodzi. Chenjerani ndi mawu akuti tigawana tikachotsa zolipira. Funsani kuti zolipirazo ndi ziti ndipo ndi zingati, zilembedwe, apo ayi mudzapeza kuti zakula mpaka kumeza zonse. Funsaninso ngati mungaike munthu wanu pakhomo kuti aziwerenga olowa. Mwini malo wachilungamo sakana.

Yachiwiri ndi malipiro okhazikika: mwagwirizana ndalama yakuti, kaya kubwere anthu kaya ayi. Iyi ndi yabwino koposa kwa woimba, koma saipereka kwa bandi imene sinaonetse kuti imakoka anthu, kupatula pa maukwati, maphwando a makampani ndi malo odyera, kumene mumaimba zimene olemba ntchitowo akufuna. Musainyoze ntchito yotereyi. Mabandi ambiri amagulira zipangizo ndalama ya kumeneko. Kungoti siimanga otsatira nyimbo zanuzanu.

Yachitatu ndi kuimba pamalo amodzi mobwerezabwereza, monga Lachitatu lililonse kwa miyezi iwiri. Eni malo amavomera mosavuta pa masiku amene malonda amayenda pang'ono. Palibe chimene chimanola bandi ngati ichi. The Beatles anakhwimira ku Hamburg, ku Germany, kuyambira 1960, akuimba maola ambiri usiku uliwonse m'makalabu ang'onoang'ono. Choopsa chake n'chakuti anthu anu amazolowera n'kumati tidzapita sabata yamawa, choncho muziitana alendo osiyanasiyana kuti usiku uliwonse ukhale ndi chake.

Yomaliza ndi kusinthana ndi bandi ya mzinda wina. Inu muwaitana pa shoo yanu, muwapatsa mpata wabwino ndi pogona, iwonso adzakuitanani kwawo. Umu ndi mmene mabandi opanda makampani akhala akuyendera maulendo kuyambira kale, ndipo sizitheka ngati mulibe shoo yanuyanu yoti muitanirepo anzanu. Amene amangolipira kuti aimbe alibe choti asinthanitse.

Ndiye musankhe iti?

Zimadalira chiwerengero chimodzi chimene oimba ambiri amadzinamiza nacho: ndi anthu angati amene adzabweredi n'kulipira? Osati amene amakutsatirani pa Facebook kapena Instagram, osatinso amene anena kuti tidzabwera. Werengani amene mungawatchule maina, kenako muchotse ena, chifukwa tsikulo wina adzadwala, wina adzagwira ntchito usiku.

Ngati chiwerengerocho sichikufika 20, musabwereke holo ndipo musalipire munthu. Pitani kumalo kumene aliyense amaloledwa kukwera n'kuimba nyimbo ziwiri zitatu, pemphani mabandi okhazikika kuti muziimba koyambirira pa shoo zawo, imbani m'nyumba ya mnzanu pamaso pa anthu 15 ndi zipangizo zochepa. Kuimba kwaulere pamalo amene palibe akupindula n'kosiyana kwambiri ndi kulipira munthu amene akupindula. Ngati muli pakati pa 20 ndi 50, funani kugawana za pakhomo, kapena gwirizanani ndi mabandi awiri mukonze yanu m'chipinda chaching'ono. Ndikunenetsa kuti chaching'ono. Anthu 60 m'chipinda cha anthu 70 amavina, amatuluka thukuta, ndipo mawa amauza anzawo kuti munadzaza. Anthu 60 omwewo m'holo ya anthu 400 amaima m'mbali mwa khoma, ndipo ngakhale muimbe bwanji usikuwo umazizira. Ngati mukutha kukoka anthu oposa 100 panokha, ndiye kuti pulomota akukufunani kuposa mmene inu mukumufunira, ndipo nthawi yakwana yopempha malipiro okhazikika.

Mukaona bwino, kulipira kuti muimbe sikukwanira paliponse pa makwerero amenewa. Mukakhala opanda anthu, kumakuluzitsani ndalama. Mukakhala ndi anthu okwanira kugula matikiti 40, ndiye kuti muli kale ndi zonse zofunika kuti mukonze yanu n'kusunga phindu. Pulomota wotere amagulitsa kwa inu anthu anu omwe.

Nanga lonjezo limene mapulomota ena amapereka, loti pa shooyo padzakhala akuluakulu a makampani ojambula nyimbo? Anthu ofufuza oimba atsopano amadziwa bwino mashoo amene mabandi ake amasankhidwa ndi ndalama, ndipo alibe chifukwa chokhalira pamenepo usiku wonse. Chimene chimawakoka ndi mbiri yoti bandi yakuti ikudzaza chipinda mwezi ndi mwezi. Wina akakulonjezani zotere, mufunseni kuti abwera ndani, ndipo ndi bandi iti imene inapezapo mwayi pa shoo zake zam'mbuyo. Kenako ifunseni bandiyo nokha.

Uthenga uja ukadzafika, simukuyenera kuyankha mwaukali, ndiponso simukuyenera kuvomera tsiku lomwelo. Yankhani mwaulemu ndi mafunso. Kodi tikapanda kugulitsa matikiti onse, tilipira yotsalayo? Ndi mabandi ati ena amene aimbe, ndipo tikwera nthawi yanji? Inu mulengeza bwanji, kuti, ndipo kuyambira liti? Anthu olipira pakhomo tsikulo, osadzera mwa bandi iliyonse, ndalama yawo ipita kwa yani? Tipatsidwa nthawi yoyesa mawu? Shoo ikalephereka, ndalama yathu ibwerera? Kenako perekani maganizo anu: tili okonzeka kugulitsa matikiti, koma osagulika tidzabweza popanda kulipira, ndipo pa tikiti iliyonse yogulika titengepo gawo kuyambira yoyamba. Pangano lotere si kulipira kuti muimbe, ndi kugawana ntchito, ndipo mapulomota ena amavomera chifukwa amaona kuti akulankhula ndi anthu odziwa zimene akuchita. Akavomera, zonse zilembedwe, ngakhale mu uthenga wa pafoni. Akakana, athokozeni, ndipo madzulo omwewo imbirani foni mabandi awiri amene mumakonda nyimbo zawo, muwafunse ngati ali ndi tsiku lomasuka miyezi iwiri ikubwerayi.